Mankhwala Amene Bambo Ankadikira

6 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi achimwene ndi alamu. Ine kuno ndili bwino, kungoti kwazizira moti ukatuluka panja mphuno imaiwala mwini wake. Mabatire a kachipangizo kanu ka m'khutu ndaika mu envulopu momwemu. Musawasiyenso m'thumba la malaya, alamu angawachape.

Mwati ndikufotokozereni bwinobwino ntchito yanga, chifukwa mwatopa kuuza anthu kuti mwana wanu "amakonza makompyuta". Ndiyesa, koma ndibwereka njanji zanu.

Zaka zonse zimene munagwira ntchito ya masiginolo a sitima, nyale inkakhala yofiira kapena yobiriwira, basi. Kompyuta wamba ilinso choncho. M'kati mwake muli timasiwichi tosawerengeka, kalikonse n'koyaka kapena kozima. Ikamafuna yankho ili ngati sitima pamphambano: ilowe njanji imodzi, ikaona kuti yasochera ibwerere, iyese ina.

Yathuyi amati kompyuta ya kwantamu, ndipo timasiwichi take timatchedwa makyubiti. Kyubiti imatha kukhala yofiirako ndiponso yobiriwirako nthawi imodzi, malinga ngati palibe waiyeza. Mukangoiyeza, imasankha mtundu umodzi. Awiri amathanso kumangiriridwa pamodzi, moti ukayeza imodzi wadziwiratu za inzake. Ndiye mukalumikiza ambiri, zimakhala ngati sitima yalowa njanji zonse nthawi imodzi. Luso lagona pokonza kuti mayankho olakwika azifafanizana okha, monga mafunde awiri akagundana m'beseni madzi n'kudekha, pamene yankho lolondola likukula. Poyang'ana kumapeto, kawirikawiri timapeza lolondolalo.

Vuto n'lakuti makyubiti ndi amanyazi kuposa mkamwini watsopano. Kukangotentha pang'ono kapena china chikanjenjemera, aiwala zonse. N'chifukwa chake timawasunga m'firiji yolendewera kudenga, yooneka ngati mbale zagolide zosanjikizana, mawaya ali wirawira. M'kati mwake mumazizira kuposa kumwamba kuli nyenyezi. Kachipangizo kenikeniko n'kochepa ngati chikhadabo. Ntchito yanga ndi kusaka zolakwa zake ndi kuzikonza. Chithunzi ndi chimenecho, amene waima kumanzereyo ndine, musaseke chipewacho.

Mundiuze za kumeneko. Achimwene akuti masiku ano simuyenda kwenikweni, n'chiyani?

Ine mwana wanu,
Mafunso

24 Febuluwale

Mafunso mwana wanga,

Moni. Kalata yafika, mabatire afika, tsopano ndikumvanso mlamu wako akamandinena kukhitchini. Tonse tili bwino. Zosayendazo ndi ukalamba chabe, mkulu wako amakonda kukulitsa nkhani.

Ndawerenga kangapo zimene walemba. M'masiku anga, munthu wolowetsa sitima imodzi njanji zonse akanagona kupolisi tsiku lomwelo. Inu akukulipirani! Koma zoti kanthuko kamasintha khalidwe ukakayang'ana, izo ndazimva msanga. Ndinagwirapo ntchito ndi anthu otero.

Chithunzi ndamata pagalasi kumene mkulu wako amametera anthu, poti ndimaswera komweko pabenchi. Aliyense akangokhala pampando amafunsa kuti chimenecho n'chiyani, ndipo ine ndimayamba. Wogulitsa nsapato wina anati ndi nyale ya m'tchalitchi. Ndinamuuza kuti akhale chete, anthu ophunzira akulankhula.

Koma chinthu chimodzi sunanene. Chozizira choterechi, ntchito yake n'chiyani? Ndikufunsa chifukwa pali mnzanga wina wa kunjanji amene amupeza ndi chotupa m'matumbo. Madokotala akufuna kumung'amba, iye akuopa mpeni. Anandifunsa kuti, kodi makina a mwana wakowo sangapeze mankhwala oti munthu angomwa, chotupa n'kuphwa? Ndinati ndimufunsa. Uyankhe msanga, munthuyo akudikira.

Uzivala zofunda.

Bambo ako

14 Malichi

Okondedwa Bambo,

Pepani ndachedwa kuyankha. Kalata yanu ndinawerengera anzanga kuntchito, nkhani ya kupolisi ija anaseka mpaka misozi.

Funso la anzanuwo landikhudza penipeni, chifukwa ndi limene linandikokera ku ntchito imeneyi. Inde, Bambo! Kupeza mankhwala ndi imodzi mwa ntchito zazikulu zimene makinawa akupangidwira. Mankhwala ali ngati kiyi, nthenda ili ngati loko, ndipo kiyiyo iyenera kukwana ndendende. Tinthu timene timapanga kiyi ndi lokoyo n'tating'ono kwambiri moti timatsata malamulo omwe aja a kwantamu. Kompyuta wamba ikati iwerengere mmene timagwiranirana, imatopa panjira. Yathuyi imalankhula chinenero chake cha tinthuto. Idzatha kuyesa makiyi ambirimbiri munthu asanathire kalikonse m'botolo.

Si mankhwala okha. Anthu akuyembekeza feteleza wotsika mtengo, mabatire osatha msanga, mwinanso njira yokonzera ndandanda ya sitima popanda ina kudikira inzake. Ena akuopa kuti idzatsegula maloko obisira zinsinsi za kubanki, ndipo ayamba kale kusintha malokowo.

Tilinso ndi nkhani yabwino. Sabata yatha makyubiti athu anagwirizana nthawi yaitali kuposa kale lonse. Abwana athu, munthu wosaseka, anavina m'labotale atanyamula kapu ya khofi. Tayandikira, Bambo, tayandikira kwambiri! Anzanuwo muwauze asataye mtima.

Miyezi ikubwerayi nditanganidwa zedi, tikufuna kutsimikiza zimene tapezazi anthu ena asanatipitirire. Mukaona zii musadandaule.

Ine mwana wanu,
Mafunso

9 Epulo

Chemwali,

Moni. Ife tilipo. Ndayesa kukuimbira kangapo, iwe umangolemba kuti "mawa". Nkhani iyi si yolemba pafoni ngati ndikuitanitsa makala, ndiye ndatseka shopu, ndakhala pansi.

Mnzawo wa Bambo wa chotupa uja kulibe. Ndi iwowo. Anawapeza nacho mu Januwale, ndipo anandilumbiritsa kuti ndisakuuze, ati ungasiye ntchito n'kubwera kudzawayang'ana m'maso. Ndinavomera, ndipo kuvomera kumeneko kukundidya.

Adokotala anati chikadali chaching'ono. Akachidula tsopano n'kulumikiza matumbowo, munthu abwerera kwawo ngati kale. Anatipatsa tsiku, sabata yathayi. Bambo anali atalola, ngakhale monyinyirika. Ukudziwa kuti Mayi analowa m'chipinda cha opaleshoni chomwecho ndipo sanatulukemo ndi moyo.

Kenaka kunafika kalata yako. Tsikulo ndinabwereka galimoto ya mnzanga, mlamu wako analongeza chikwama. Ndinawapeza ali pakhonde, avala malaya a m'nyumba, kalata ili pamwendo.

"Sindipita," anatero. "Mwana wanga wati tayandikira."

Ndinati, "Bambo, fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Anati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Iwe meta anthu, za sayansi usiyire eni ake."

Ndinawagwadira, mlamu wako analira, sizinathandize. Anangochotsa kachipangizo ka m'khutu n'kukaika patebulo. Ukuwadziwa akatero.

Sindikukuimba mlandu, sunadziwe. Koma ine sandimveranso, mawu amene ali ndi mphamvu m'nyumba muno ndi ako. Ngati mankhwalawo alipodi, tumiza. Ngati palibe, uwauze wekha.

Za makina ometera ndinakutuma aja, iwala. Si nkhani panopa.

Mlongo wako

12 Meyi

Chemwali,

Ndalemba ndi inki yofiira kunja kwa envulopu kuti BAMBO AKUDWALA. Anthu a kupositi andiyang'ana ngati wamisala. Zilibe kanthu, mwina iyi uitsegula.

Mwezi wathunthu uli zii. Poyamba ndinkati kalata yasochera. Kenako ndinati wakwiya chifukwa ndinakubisira. Tsopano sindikudziwanso choganiza, ndipo ndasiya kuimba foni chifukwa ndikaimva ikungolira ndimafuna kuiponya kukhoma.

Bambo atha thupi. Lamba ndaboola mabowo ena. Chakudya amangochitembenuza ndi supuni. Koma tsiku lililonse amadzikoka mpaka pabenchi ya kushopu, ndipo munthu akangokhala pampando amayamba: "Mukuona chithunzicho? Mmenemo akuphika mankhwala anga." Anthu amagwedeza mutu mwaulemu, kenako amandiyang'ana ine pagalasi. Dzana wina anandinong'oneza kuti, "Achimwene, mukuwasiya afe madalawa?" Lumo linaphonya, ndinamudula khutu pang'ono.

Wa positi akadutsa Bambo amaimirira, ngakhale kuimirirako kumawapweteka. Akaona kuti palibe kanthu amakuikira kumbuyo okha. "Watanganidwa. Ndiye kuti zikutheka."

Ndikanatha kuwanamiza kuti walemba, koma dzanja lako amalidziwa. Ndikanakuuza mu Januwale muja, bwenzi zonsezi kulibe. Ndimaganiza zimenezi ndikamasesa tsitsi, ndikamadya, ndikamayenda. Chonde, lemba mawu awiri okha.

Mlongo wako

25 Meyi

Achimwene,

Pafoni paja ndinangolira, palibe chanzeru chimene ndinanena, ndiye ndikulemba.

Kalata yanu yoyamba sinasochere. Inafika bwinobwino. Nditaona dzanja lanu ndinaganiza kuti mukufunsa za makina ometera, amene ndinali ndisanagule. Ndinachita manyazi, ndinaiika pamwamba pa firiji ya kunyumba kuti ndidzaitsegule ndikagula. Mafoni anu ndinkawazemba pa chifukwa chomwecho. Tsiku lililonse ndinkaidutsa potenga mkaka. Yofiirayi itafika m'pamene ndinatsegula zonse ziwiri, nditaimirira, jekete lili m'thupi.

Ndatenga kalata ya Bambo ya mu Febuluwale n'kuiwerenganso. Zonse zinalimo. Mnzawo wopanda dzina, kuopa mpeni, "uyankhe msanga". Mwana wa sukulu akanazindikira. Ine ndinaiwerengera anzanga kuti aseke, ndipo funso la munthu woopa imfa ndinaliyankha ngati ndikulankhula pamsonkhano. Ntchito yanga ndi kusaka zolakwa m'kachipangizo kochepa ngati chikhadabo, koma bambo anga akundiitana sindinamve.

Musadziimbe mlandu, inu munasunga lonjezo. Kalata imene ndalembera Bambo ndaijambula, ndatumiza pafoni yanu. Muisindikize lero lomwe, zilembo zikhale zazikulu. Musaifewetse, musawawerengere. Aiwerenge okha.

Mchemwali wanu

25 Meyi

Okondedwa Bambo,

Ndadziwa kuti wodwalayo ndinu. Achimwene musawakalipire.

Mankhwala amene mukudikira kulibe. Sali m'firiji yathu, sali m'labotale ina iliyonse ya makina ngati athuwa. Palibe chimene ndikuphika, Bambo.

Pamene ndinati "tayandikira", ndinkalankhula ngati munthu amene waika njanji imodzi pansi n'kuyamba kukamba za siteshoni. Makyubiti athu amagwirizana kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso. Chimene abwana anavinira n'chakuti kuphethirako kunatalikirako pang'ono. Kuti tipeze kyubiti imodzi yodalirika pamafunika ambirimbiri oilondera kuti isalakwitse, ndipo ife tili nawo ochepa. Owerengera mankhwala enieni adzafunika ochuluka zedi. Zingatenge zaka khumi, makumi awiri, kapena osatheka n'komwe m'moyo wanga. Ngakhale makinawo atapeza kiyi ija, pamafunika zaka zina zoyesa ngati siipha anthu. Lero lino, masamu ambiri amene makina athu amachita, foni ya achimwene ingawachite bwino kuposa iwo.

Ndinakuuzani maloto anga ngati ndi katundu amene ali kale panjira. Ndinkafuna muzinyadira, ndipo ndakudyerani miyezi imene adokotala ankaifuna. Mwina ntchito yonseyi ndi yopanda pake, sindikudziwanso.

Ndikudziwa za Mayi. Inenso chipinda chimenecho ndimachiopa. Koma thandizo lokhalo limene lilipo lili m'manja mwa adokotala amene muli nawo kumeneko. Pitani mawa. Mukafuna kundikwiyira, mudzandikwiyire mutatuluka.

Ine mwana wanu,
Mafunso

20 Juni

Chemwali,

Moni. Zambiri ndakhala ndikukuuza pafoni mwachidule, koma unati ukufuna zonse, zosabisa. Ndi izi.

Kalata ija anaiwerenga pabenchi ya kushopu, ine ndikumeta munthu. Atamaliza anaipinda. Kenaka anaimirira, anamatula chithunzi chako pagalasi mosamala kuti chisang'ambike, anachiika m'thumba la malaya. Wogulitsa nsapato uja anati, "Bwanji madala, mankhwala apsa?" Ndinatsala pang'ono kumuponyera lumo. Bambo anangoti, "Sanapse," n'kutuluka.

Panapita masiku awiri. Tsiku lachitatu m'mawa ndinawapeza atavala jekete lawo la kunjanji lija, nsapato atapukuta. Anati, "Kabwereke galimoto."

Atawajambulanso, adokotala anandiitanira pambali. Ndi mayi waulemu, sanakalipe, koma anandifunsa kuti, "Munali kuti miyezi yonseyi?" Chotupa chinali chitakula n'kutsikira pamalo poti kulumikizanso matumbo sikukanatheka.

Opaleshoni inayenda. Atuluka ndi moyo, chemwali, Mulungu ndi wabwino. Adokotala akuti achotsa chonse chimene anachiona, ndipo padzakhala mankhwala ena akapeza mphamvu. Koma tsopano ali ndi kabowo pamimba, ndipo chimbudzi chimatulukira m'thumba limene timamata pamenepo. Ndi mpaka kalekale. Ndinafunsa kuti akanabwera mu Epulo zikanatero? Anati sangalumbire, koma mwina ayi. Unati ndisabise.

Thumbalo salola wina aliyense kulikhudza koma ine. Manja awo amanjenjemera, okha sangathe. Mlamu wako akangoyandikira chitseko amakuwa. Ndiye likadzaza kapena likamatuka amandiimbira, ndimasiya munthu nditamumeta mbali imodzi ya mutu, n'kuthamanga. Makasitomala ena asiya kubwera. Sindikudandaula. Ndikamawapukuta amayang'ana kudenga, ndipo ine ndimaona kuti thumba limeneli tinasoka tonse awiri, iwe ndi ine.

Pabenchi sanabwererenso. Akuti anthu amva fungo.

Mlongo wako

5 Julayi

Mafunso mwana wanga,

Moni. Ndilipo. Dzanja likuvuta, ukhululuke zilembozi.

Ndamva kuti iwe ndi mkulu wako mukulimbirana mlandu ngati agalu pafupa, uyu ati ndi wanga, uyo ati ndi wanga. Lekani. Funso lokhota limabala yankho lokhota. Ndikanalemba kuti "mwana wanga, ndikudwala, ndikuopa", ukanandiyankha zina. Ine ndinatuma mnzanga amene kulibe.

Ndipo usaganize kuti bambo ako ndi chitsiru. M'kalata yako ija munali "idzatha", "akuyembekeza". Ndinawaona mawu amenewo. Ndinawalumpha dala, ndinatola amodzi okha amene ndinkawafuna. Munthu akamaopa kuwoloka amamvera aliyense womuuza kuti mlatho ukubwera.

Sindinama, ndinakwiya. Ndinakwiyira iwe, makina ako, ndi mkulu wako amene anaulula chinsinsi changa. Thumbali ndimadana nalo. Limalira lokha pamene munthu sukufuna. Tsiku lina linalira abusa ali m'kati mopemphera, ndipo anati "Ameni" msanga. Ndinaseka koyamba, mpaka ulusi wa pabala unakoka.

Koma pali mawu amodzi amene sindikuwalandira. Unati mwina ntchito yako ndi yopanda pake. Anthu amene anayala njanji imene ndinagwirapo, ambiri sanakwere sitimayo. Mankhwalawo si anga, ndamva. Adzakhala a wina. Ungophunzira kunena kutalika kwa ulendo munthu akakufunsa, usamachepetse.

Mkulu wako watopa. Sanena, koma ndimaona maso ake. Amathamanga uku ndi uku chifukwa cha manyazi anga, ndipo shopu ikufa. Ndimadziwa, koma ndikamva mapazi a mlamu wako pakhomo, pakamwa pamakuwa pokha. Izi ndiye zikundisowetsa mtendere kuposa bala.

Usasiye ntchito. Ndanena.

Bambo ako

19 Julayi

Achimwene,

Moni nonse. Alamu muwathokoze, ndikudziwa kuti zochapa zonse zili pa iwo.

Bambo andilembera. Akuti tisiye kulimbirana mlandu. Ndayesa, koma sizichoka ndi kalata imodzi. Ndikalowa m'labotale n'kumva pampu ya firiji ikugunda, ndimaganiza za inu mukuthamanga mumsewu, lumo lili m'thumba.

Ntchito sindisiya, andiletsa. Koma ndapempha tchuthi cha miyezi itatu. Abwana anati nthawi yake ndi yoipa, zotsatira zathu zikutuluka ndipo dzina langa likhoza kutsikira pansi. Ndinati litsike. Anandiyang'ana, kenako anandiuza kuti nawonso mayi awo anadwalapo, n'kusaina. Ndifika pa 3 Ogasiti. Musabwereke galimoto, ndikwera basi.

Ndapita kwa namwino wina kuno amene amaona anthu a matumba otere. Wandionetsa mtundu womata bwino, wosatulutsa fungo, ndi mafuta oteteza khungu. Ndibweretsa okwanira. Akutinso anthu ambiri amaphunzira kusintha okha, ngakhale a manja onjenjemera, ngati thumbalo ladulidwiratu pa saizi yake. Mwina tikatero adzabwerera pabenchi. Sindikulonjeza, ndikungonena zimene wandiuza.

Mundithandize chinthu chimodzi. Ndikufuna kuphunzira kusintha thumbalo. Ndikudziwa akana, ati mwana wamkazi saona zoterozo, achotsa kachipangizo ka m'khutu. Muyambiretu kuwanyengerera panopa. Ndikafika mudzandionetse koyamba. Kachiwiri mudzaime pakhomo. Kachitatu mudzapite mukamete anthu anu mpaka mutu wonse uthe.

Mchemwali wanu